Chikhatho cha Yani? Mbiri ya Kayezedwe ka Msinkhu wa Kavalo

Ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi timaidziŵa bwino ng'ombe, ndipo timamdziŵanso bulu amene amakoka ngolo ya chimanga kupita nayo ku Mponela kapena pa Malomo. Koma kavalo ambiri a ife tidangomuona pa chithunzi cha m'buku la kusukulu, kapena kumumva m'nkhani ya Farao ndi magaleta ake. Choncho wina angafunse kuti: tikutayiranji nthaŵi kukamba za msinkhu wa nyama imene sitiiŵeta? Yankho lake ndi lakuti pa kavalo padatsalira mwambo wakale umene mitundu yonse ya anthu idali nawo, makolo athu omwe, ndiwo mwambo woyeza zinthu ndi ziŵalo za thupi. Mpaka lero ku England, ku Ireland, ku America, ku Australia ndi ku South Africa, mwini kavalo akafunsidwa msinkhu wa chiŵeto chake amayankha kuti ndi cha zikhatho 15 kapena 16. Tikalondola mbiri ya chikhatho chimenechi tiona m'mene muyeso umabadwira, m'mene umakhwimira, ndiponso chifukwa chake wosunga muyeso amakhala ndi mphamvu pa anzake onse a pamsika.

M'mene amamuyezera

Poyamba timve m'mene ntchitoyi imachitikira. Kavalo samuyeza kuchokera pansi kulekeza pamutu monga amachitira ndi mwana kuchipatala. Mutu wa kavalo sukhazikika: akamadya msipu uli pansi, akadzidzimuka uli m'mwamba. Woyeza mutu akhoza kupeza misinkhu isanu pa kavalo mmodzi dzuŵa lisanafike paliwombo. Nchifukwa chake anthu adasankha malo amene sasunthasuntha, ndiwo pamwamba pa mapeŵa, pomwe khosi lithera ndipo msana uyambira. Pa ng'ombe zathu ndi pamene pamakhala linunda, kungoti linunda ndi mnofu ndi mafuta, pamene pa kavalo pali mafupa a msana otumphuka ngati kamtumbira. Mafupa ameneŵa sakwera kapena kutsika kwenikweni ngakhale chiŵetocho chitukule mutu kapena kuuŵeramitsa.

Kavaloyo amamuimika pa malo olimba, osalala ndi osatsetsereka, monga pa simenti, miyendo yakutsogolo italingana, ziboda zonse zinayi zitaponda pansi. Woyeza amakhala ndi ndodo yolembedwa manambala, imene ili ndi kamtanda kopingasa kotha kukwera ndi kutsika. Ndodoyo amaiimika chilili pambali pa mwendo wakutsogolo, natsitsa kamtandako mpaka katakhudza nsonga ya mafupa aja. Pa ndodo zabwino pamakhala levulo yonga ya amisiri omanga nyumba, chifukwa ndodo ikapendekeka pang'ono pokha muyeso umanama. Ngati kavaloyo adamkhomera zitsulo kuziboda, amazizula, kapena amachotsera kuchindikala kwa zitsulozo pa chiŵerengero chimene apeza. Amadikiranso kuti chiŵetocho chikhale phee, pakuti kavalo wamantha amaumitsa thupi, naoneka wamtali kuposa m'mene aliri.

Chikhatho chimodzi ndi mainchesi 4, ndiye kuti masentimita 10.16. Kalembedwe kake kamasokoneza ngakhale odziŵa masamu. Akalemba 15.2 sakunena zikhatho 15 ndi magawo aŵiri mwa magawo khumi monga tidaphunzirira kusukulu ai. Akunena zikhatho 15 ndi mainchesi 2, onse pamodzi mainchesi 62, kapena masentimita 157 ndi theka. Motero pambuyo pa 15.3 pamabwera 16, ndipo 15.5 kulibe, wolemba chotero wadziulula yekha kuti ndi mlendo pa malonda a akavalo. Kuti tikhale ndi chithunzi m'maganizo, bulu wathu wokoka ngolo kaŵirikaŵiri amafika zikhatho 10 kapena 11. Akavalo ambiri okwerapo anthu ali pakati pa zikhatho 14 ndi 17. Wamtali kopambana amene mbiri idamlemba ndi Sampson, wobadwa mu 1846 ku Bedfordshire m'dziko la England, amene adafika zikhatho 21 ndi mainchesi 2 ndi theka, ndiye kuti mamita 2.19. Ngakhale munthu wamtali ataimirira pambali pake sakadatha kuona pamsana pake.

Kumene chikhatho chidachokera

Kuyeza ndi dzanja ndi kwakalekale, zilembo ndi ndalama zisanafale. Amisiri a ku Egypt ankagwiritsa ntchito mkono wachifumu, wautali pafupifupi masentimita 52. Mkonowo adaugaŵa m'zikhatho 7, ndipo chikhatho chilichonse adachigaŵa m'zala 4, kotero kuti mkono umodzi udali zala 28. Chikhatho chawo chidali chocheperapo poyerekeza ndi cha Angerezi, chifukwa iwo sankaŵerengera chala chachikulu. Koma amisiriwo adazindikira msanga kuti mkono wa mmisiri wina sulingana ndi wa mnzake, ndipo kuti khoma lomangidwa ndi mikono iŵiri yosiyana silingakumane pangodya. Tsono adasema ndodo za mtengo ndi za mwala, nalembapo zala ndi zikhatho, kuti onse aziyendera muyeso umodzi. Zina mwa ndodo zimenezo zikusungidwa mpaka lero ku Paris ndi ku Turin. Aisraele nawonso ankayeza chimodzimodzi. Chombo cha Nowa ndi msinkhu wa Goliati zidalembedwa m'mikono, ndipo mneneri Ezekiele adachita kufotokoza kuti mkono umene ankanena udali wautali, woonjezerapo chikhatho chimodzi, kuopa kuti oŵerenga angausokoneze ndi mkono wamba.

Ku England chikhatho chidakhwima chifukwa cha nkhondo. Chaka cha 1540 mfumu Henry VIII idakhazikitsa lamulo la akavalo, ndipo m'lamulomo mudalembedwa kuti chikhatho chikhale mainchesi 4, kaya dzanja la woyezayo ndi lalikulu kaya ndi laling'ono. Mfumuyo sidachite zimenezi chifukwa chokonda masamu. Inkafuna akavalo akuluakulu, otha kunyamula msilikali wovala malaya achitsulo. Anthu wamba ankaŵeta tiakavalo tating'ono m'madambo ndi m'nkhalango za anthu onse, ndipo mfumu idaona kuti timeneti tikuchepetsa mtundu. Choncho idalamula kuti m'maboma ambiri kavalo wamphongo wopitirira zaka ziŵiri amene sadafike zikhatho 15 asamamlekerere kubusa la anthu onse. Chaka chilichonse ziŵeto za kubusako ankazikusa pamodzi, ndipo zimene zaoneka kuti sizingabereke ana amphamvu ankazipha.

Taonani tsono m'mene muyeso udasandukira chiŵeruzo. Kale mlimi ndi wogula ankakangana pamsika, wina akuti 14 wina akuti 15, mpaka atamvana. Lamulo litabwera, inchi imodzi yopereŵera idakwanira kuti chiŵeto cha mmphaŵi chichotsedwe kubusa. Komabe lamulo silidathe kusintha nthaka. Kumalo ozizira a msipu wochepa kavalo wamkulu amaonda nafa, pamene wamng'ono amapirira. M'nthaŵi ya mfumukazi Elizabeth I lamulolo adalifeŵetsa m'madera ena a zithaphwi, ndipo tiakavalo ta m'mapiri a Wales, Dartmoor ndi Exmoor tilipobe mpaka lero. Patapita zaka mazana atatu, tiakavalo totere ndi timene tinkakoka malasha m'migodi yopapatiza momwe wamkulu sakadatha kuloŵa. Adanenetsa akuluakulu kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Malire a wamkulu ndi wamng'ono

Kavalo wamng'ono Angerezi amamutcha pony. Ameneyu si mwana wa kavalo ai, koma kavalo wokhwima wa mtundu waufupi, monga m'mene ziliri nkhuku zazifupi miyendo za kumudzi kwathu. Malire amene anthu adaika ndi zikhatho 14 ndi mainchesi 2, ndiye kuti masentimita 147 ndi pang'ono. Wosapitirira pamenepo ndi pony, wopitirira ndi kavalo wamkulu. Bungwe loyendetsa mipikisano ya akavalo pa dziko lonse, la Fédération Équestre Internationale, limene lidayamba mu 1921 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, limayeza m'masentimita monga amachitira maiko ambiri a ku Ulaya. Malire ake ndi masentimita 148 popanda zitsulo za kuziboda, kapena 149 zitsulozo zili pomwepo.

Mzere umenewu uli ndi ndalama kumbuyo kwake. Mipikisano yambiri ya ana ndi ya akavalo aang'ono okhaokha. Tsono amene wafika pamalire penipeni osapitirira amakhala ndi miyendo yaitali yolumphira kuposa anzake, ndipo mtengo wake umakwera kwambiri. Akangopitirira sentimita imodzi ayenera kukapikisana ndi akuluakulu, mtengo wake nkugwa. Pamene pali phindu lotere chinyengo sichisoŵa. Eni ake ena adapezeka akupala ziboda mpaka chiŵeto kutsimphina, ena akuchimana madzi kapena kuchithamangitsa mpaka kutopa kuti msana ugwe pa tsiku loyeza. Nchifukwa chake mabungwe a mipikisano adalamula kuti woyeza asakhale mwini kavalo kapena wogula, koma dokotala wa ziŵeto wovomerezeka, pa bwalo limene kusalala kwake kudayesedwa kale, ndiponso kuti kavalo wanthete aziyezedwa mobwerezabwereza mpaka atasiya kukula.

Kuno ku Africa chitsanzo chodziŵika cha kavalo wamng'ono ndi wa ku Lesotho. Akavalo adafika ku Cape pa zombo za Adatchi m'zaka za m'ma 1650, ndipo cha m'ma 1830 mfumu Moshoeshoe ndi anthu ake adayamba kuŵaŵeta. M'mapiri ozizira a dzikolo mudabadwa mtundu waufupi, wa zikhatho 14 kapena kupitirirapo pang'ono, wa ziboda zolimba, wosaterereka pamiyala. Abasotho adamenya nkhondo ya mfuti ya 1880 mpaka 1881 atakwera akavalo ameneŵa, ndipo pa nkhondo ya Maburu ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902 ambirimbiri adagulidwa ndi asilikali. Pa ndodo ya mfumu Henry akadakanidwa, koma m'mapiri mwawo palibe wowaposa. Nanga bwanji mapiri athu, amenenso ali ozizira ndi a msipu wabwino, sadabale kavalo wawowawo?

Chifukwa chake sadakhazikike kwathu

Maina omwe timaitanira ziŵetozi akuulula kuti ndi zachilendo. Mawu akuti kavalo adachokera ku Chipwitikizi, cavalo, ndipo bulu ndi burro. Apwitikizi adakhala ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'zaka za m'ma 1530, ndipo makolo athu ankagulitsana nawo minyanga ndi makasu. Mawu ena aja akuti hatchi adadzera kum'mwera, kumene Azulu amati ihhashi. Mu 1831 Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, adanyamuka ku Tete nadutsa m'dziko la Amaravi ndi Acheŵa pa ulendo wa kwa Kazembe. Chimene adakwerapo adali bulu, ndipo atafika kwa Kazembe anthu adaunjikana kudzaona chinyama chodabwitsacho. Angoni a Zwangendaba, amene adaoloka Zambezi mu 1835, adabwera ndi ng'ombe ndi zishango, osati akavalo. Ankhondo a Chiwere ankayenda pansi m'mapiri a Dowa, ndipo Acheŵa othaŵira m'nkhalango ya paphiri la Ntchisi ankathaŵa adani a miyendo iŵiri.

Adani a kavalo adali aŵiri, ndipo onse ndi touluka. Woyamba ndi kashembe, ntchentche imene imapatsa anthu kaodzera, nipatsanso ziŵeto nthenda yoondetsa. Wachiŵiri ndi tizilombo tating'ono kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi usiku, timene timafalitsa nthenda ya akavalo yodzaza madzi m'mapapo. Mbidzi imakhala nayo nthendayi osadwala kwenikweni, bulu amapirira, koma kavalo kaŵirikaŵiri amafa. Mliri wa 1854 mpaka 1855 udapha akavalo oposa 60,000 ku Cape kokha. Pamwamba pa mapiri athu ng'ombe zinkaswana bwino, koma njira zonse zobwera kuno zinkadzera m'zigwa za kashembe: chigwa cha Shire, gombe la nyanja kuyambira ku Domira mpaka ku Nkhotakota, ndi chigwa cha Luangwa kumadzulo. Kavalo ankatenga imfa yake panjira asanafike kumene akadakhala ndi moyo.

Mbali ina ya nkhani ya kashembe idafufuzidwa konkuno ku Dowa. Dokotala David Bruce, amene mu 1895 adaonetsa ku Zululand kuti nthenda ya ziŵeto ija imayamba ndi tizilombo ta m'magazi timene kashembe amatitenga ku nyama zakutchire, adabwera ku Nyasaland ndi gulu lotumidwa ndi Royal Society ya ku London. Kuyambira 1912 mpaka 1914 gululo lidamanga msasa paphiri la Kaso pafupi ndi Mvera, limene m'malipoti awo adalilemba Kasu. Kuchokera pamenepo ankatsikira kuchigwa kukagwira ntchentche ndi kupima magazi a nyama ndi a anthu. Paphiri lomwelo mbusa William Murray wa mishoni ya Mvera adagwirirapo ntchito yomasulira Baibulo m'Chinyanja, limene lidatuluka mu 1922. Omasulirawo atafika pa miyeso ya Aisraele sadavutike kupeka mawu atsopano, chifukwa mkono, chikhatho ndi mkwamba adaŵapeza ali kale pakamwa pa anthu.

Kumene kavalo adalephera kukhala, ntchito yake idagwera pa pheŵa la munthu. Amishoni amene adatsegula Mvera mu 1889 ndi Kongwe mu 1894, ansembe a White Fathers amene adafika ku Chiwamba ndi ku Mua mu 1902, ndi atsamunda a paboma la Dowa, onseŵa ankayenda pansi, pa bulu kapena pa machila, mpaka kudabwera njinga ndi galimoto. Machila amodzi ankalira amuna 12 kapena kupitirira apo, olandizana panjira. Katundu wotsika m'sitima padoko la Domira ankakwera mapiri ano pamitu pa amtengatenga, ndipo njanji sidafike ku Salima mpaka 1935. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene akavalo a asilikali ochokera ku South Africa ankangofa ndi kashembe m'dziko la Tanganyika, amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland adatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo, ndipo ambiri sadabwerere kwawo. Ku England ankafunsa kuti kavalo ndi wa zikhatho zingati. Kuno ankafunsa kuti munthu angasenze mapaundi angati.

Miyeso ya makolo athu

Kavalo sadakhazikike, koma kuyeza ndi thupi tidali nako kale. Mkono unkayambira pachigongono kulekeza kunsonga ya chala chapakati. Mkwamba unkayambira kunsonga ya zala za dzanja lina kulekeza kunsonga ya zala za linzake, munthu atatambasula manja, ndipo mwa munthu wolingana bwino mkwamba umodzi ndi mikono inayi. Womanga nyumba ankayeza ndi mapazi kapena ndi luzi, wosema mpini ankayeza ndi zikhatho, mayi wopatsa mnzake ufa ankayeza ndi mbale kapena lichero, ndipo chimanga chinkaŵerengedwa m'madengu ndi m'mitanga. Pakati pa abale ndi anansi miyeso imeneyi inkakwanira, popeza wobwereka dengu lero ndiye wobwereketsa maŵa.

Mkwamba udakula mphamvu pamene nsalu idasanduka ndalama. Jumbe Salim bin Abdallah atakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, nsalu za ku Zanzibar zidayamba kuoloka nyanja ndi kukwera mapiri ano mpaka kwa Mwase ku Kasungu. Minyanga, mbuzi ndi chakudya cha apaulendo zonse zinkagulidwa ndi mikono ndi mikwamba ya nsalu. Chomvetsa chisoni nchakuti ngakhale munthu wogwidwa ukapolo mtengo wake unkatchulidwa m'mikwamba. Azungu oyamba nawonso ankalipira antchito awo ndi nsalu, ndipo mkwamba adaulinganiza ndi mayadi 2. Vuto la muyeso wotere likuonekeratu. Wolandira nsalu ankafuna kuti ayeze munthu wa manja aatali, wopereka ankafuna wa manja aafupi, ndipo malonda ankatha kuima nthaŵi yaitali pofunafuna mkono umene onse aŵiri angauvomere.

Komabe tisaunyoze msanga muyeso wa makolowu. Udali ndi ubwino umodzi waukulu: munthu aliyense ankayenda nawo m'thupi mwake. Nkhalamba yosadziŵa chilembo nchimodzi chomwe inkatha kutambasula manja ake nkuona yokha ngati aibera. Mkangano unkachitika poyera, maso a onse ali pomwepo, ndipo ichi nchiyani nkulinga muli aŵiri. Pambuyo pake kudabwera ndodo ya yadi yokhomedwa patebulo la m'sitolo za Mandala ndi za Amwenye. Kudabweranso sikelo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 alimi a ku Dowa ndi Lilongwe adayamba kulima fodya wa chikopa wambiri, ndipo mu 1926 boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board yoyang'anira ulimi ndi misika yake. Fodya ankapimidwa m'mapaundi, ndipo muvi wa sikelo unkaloza manambala amene alimi ambiri sankatha kuŵaŵerenga. Muyeso udakhala wolongosoka kuposa kale, inde, koma udachoka m'thupi la mlimi nukakhala m'manja mwa wogula.

Kwina konse anthu adayenda njira yomweyo, kuchoka pa thupi kupita pa chinthu chosasintha. Afalansa m'zaka za m'ma 1790 adapanga mita poyeza dziko lenilenilo: adatenga mtunda wochokera kunsonga ya kumpoto kwa dziko kufika pamzere wa pakati, naugaŵa m'magawo 10,000,000. Mu 1875 maiko 17 adasainirana pangano la mita ku Paris. Mu 1959 maiko olankhula Chingerezi adagwirizana kuti inchi ikhale masentimita 2.54 ndendende, ndipo kuyambira pamenepo chikhatho cha kavalo chidamangiririka ku mita. Mu 1983 mita yomweyo adaitanthauziranso ndi mtunda umene kuŵala kumayenda m'kagawo kodziŵika ka sekondi. Motero muyeso umene udayambira padzanja la mbusa tsopano watsamira pa liŵiro la kuŵala, ngakhale dzina lake likadali chikhatho. Kuno kwathu bungwe la Malawi Bureau of Standards lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mayadi, mapaundi ndi mamailosi adapatsa malo mamita, makilogalamu ndi makilomita. Kuyendera masikelo a pamisika ndi imodzi mwa ntchito za bungweli.

Zimene ndodo ya kavalo ikutiuza

Tikabwerera ku ndodo ija tipeza kuti muyeso woona umafuna zinthu zitatu. Choyamba, uyenera kukhala umodzi kwa onse. Chikhatho chidayamba kudalirika tsiku limene chidaleka kukhala dzanja la wogula kapena la wogulitsa, nichikhala mainchesi 4 kwa mfumu ndi kwa mlimi yemwe. Chachiŵiri, onse ayenera kumvana pomwe muyeso uyambira ndi pomwe ulekezera. Oŵeta akavalo adakana mutu chifukwa umasuntha, nasankha fupa. Chachitatu, pansi payenera kukhala posapendekeka, ndipo wogwira ndodo akhale munthu wosapindula kanthu ndi yankho lake.

Tiyeni tsono titenge zitatuzi tipite nazo pamisika yathu m'miyezi ya kukolola. Tonse tikuidziŵa ndowa imene amati ndi ya malita 20, koma pansi pake adapafutukula ndi nyundo kuti imeze zambiri. Tikumdziŵa wamalonda wokhala ndi ndowa ziŵiri, yaikulu yogulira m'mwezi wa May, yaing'ono yogulitsira m'mwezi wa January njala itafika pachimake. Tikuudziŵa mkangano wa ndowa yosefukira ndi ndowa yosalaza, umene sulekana ndi kuyeza kavalo pamutu. Tikuidziŵanso sikelo yopachikidwa pamtengo m'mbali mwa msewu, imene muvi wake umayang'ana kwa mwini wake yekha. Mlimi wa soya kapena mtedza akaberedwa makilogalamu 2 pa thumba lililonse, pa matumba 25 wataya thumba lathunthu la makilogalamu 50, thukuta la milungu ingapo, popanda wakuba woloŵa m'nkhokwe usiku. Chinyengo chimenechi nchakale ngati malonda omwe. Malamulo a Mose adaletsa kusunga miyala iŵiri yopimira m'thumba limodzi, ndipo mneneri Amosi adadzudzula amalonda ochepetsa muyeso wa tirigu pofuna kudyera amphaŵi.

Sitingabwerere ku mkono ndi mkwamba, ndipo sikofunika kutero. Chimene tiyenera kubweza ndi ufulu umene makolo adali nawo, wakuti wogulitsa aone muyeso ndi maso ake ndi kuumvetsa. Zimenezi nzotheka. Kalabu ya alimi ikhoza kusonkherana nkugula sikelo yakeyake, kuti thumba lizichoka pamudzi kulemera kwake kukudziŵika kale. Mwana wa sukulu akhoza kuima pambali pa agogo ake nkuŵaŵerengera manambala. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha madzi cha malita 5 chikhoza kuulula sikelo yonama pamaso pa anthu onse. Mafumu ndi makomiti a misika akhoza kukana wogula aliyense amene sikelo yake ilibe chidindo cha oyendera miyeso. Oŵeta akavalo adatenga zaka mazana ambiri kuti aphunzire kusakhulupirira dzanja la mwini malonda. Ife amene moyo wathu uli pa thumba la chimanga, tisachite manyazi kufunsa funso lomwelo tisanatsitse katundu pangolo: kodi chikhatho chimene mukuyezerachi ndi cha yani?